Chidendene chikatupa, musaiwale msana

Wachinyamata akamva chidendene chikuwawa, amati ndi nsapato, mpira kapena mtunda umene wayenda. Nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma pali nyamakazi ina ya msana, imene madokotala amaitcha ankylosing spondylitis, yomwe imatha kuonekera kuphazi msana usanavute kwenikweni. Imakonda kuyamba munthu asanakwane zaka 45, ndipo imatupitsa malo amene mitsempha imagwirira fupa. Ikalekereredwa, mafupa a msana amatha kumatirirana, munthu n'kulephera kuwerama. Chitani izi:

1. Yang'anani phazi. Dinani kumbuyo kwa chidendene, pamene pamathera mtsempha waukulu, ndiponso kunsi kwake. Kodi pakupweteka, patupa kapena pakutentha? Onaninso zala. Chala chikatupa chonse ngati soseji osapunthwa, chimenecho ndi chizindikiro chachikulu.

2. Mvetserani msana. Wopweteka chifukwa cha khasu kapena katundu umapola mukapuma. Ululu wa nyamakazi iyi umakula mukagona. Umakudzutsani chakum'bandakucha, msana umauma kupitirira mphindi 30 m'mawa, n'kumasuka mukayamba kuyenda. Ululu umathanso kusinthana matako, lero kumanja, tsiku lina kumanzere. Zikapitirira miyezi itatu, musazengereze.

3. Kumbukirani zina. Khungu la mamba, kutsegula m'mimba kosatha, matenda opatsirana pogonana amene munadwala posachedwa, kapena wachibale wouma msana, zonsezi dokotala azimve. Diso likafiira, kupweteka ndi kudana ndi kuwala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa likhoza kuwonongeka.

4. Fotokozani zonse pamodzi. Ambiri amachedwa kuthandizidwa chifukwa lero adandaula phazi, mwezi wina msana, osanena kuti zikuchitika limodzi. Dokotala angayeze magazi a CRP ndi ESR ndi kujambula mafupa a m'chiuno. Chibadwa cha HLA-B27, chimene chimapezeka mwa odwala ambiri ku Ulaya, n'chosowa kuno kwathu, choncho kusapezeka kwake sikuchotsa chikayiko. Vomerani kuyezedwa HIV, pakuti madokotala a ku Lusaka anaona m'zaka za m'ma 1990 kuti nyamakazi za mtundu umenewu zinachuluka mwa anthu okhala ndi kachilomboka. Ngati mukuwonda, kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku, aunikenso TB ya msana.

5. Tsatirani chithandizo. Mankhwala monga ibuprofen, naproxen ndi diclofenac amachepetsa kutupa, koma amayi oyembekezera ndi odwala impso kapena zilonda zam'mimba asamwe popanda uphungu wa dokotala. Chitani mafizo tsiku ndi tsiku, valani nsapato zofewa kuchidendene, ndipo siyani fodya chifukwa amakulitsa matendawa. Kutema mphini sikufika pamene pali kutupa.

Nyamakazi iyi sichizika kotheratu, koma ikadziwika msanga munthu amalima, amaphunzira ndi kugwira ntchito zake. Mafupa amene amatirirana kale sabwereranso mwakale, n'chifukwa chake kupita kuchipatala msanga kuli kofunika kwambiri.