Bwalo la Sukulu ndi Mudzi Wolizungulira

Kuyambira chaka cha 1994, pamene Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale ndipo ana anakhamukira m'makalasi mwa unyinji wawo, mphunzitsi wasenza katundu wolemera kotero kuti bwalo la masewera, limene kale linali ulemerero wa sukulu, m'malo ambiri lasanduka msipu wa mbuzi. Mutu umodzi susenza denga. Chifukwa chake amene afuna kuti ana akule ndi matupi olimba ayende motere.

Poyamba, mphunzitsi wamkulu pamodzi ndi komiti ya sukulu akagwade kwa anyakwawa, asanalembere kalata bungwe lililonse, pakuti mwini nthaka ndiye angaweruze za malire pamene makasu a oyandikana nawo akhala akudya bwalo mzere ndi mzere chaka ndi chaka. Malirewo akadziwika, mubzalidwe mitengo mvula yoyamba ikagwa, ndipo mfumu itchule tsiku la chitukuko lozula ziputu, kufotsera maenje ndi kuimika magoli. Mabwalo akhale awiri, la mpira wamiyendo ndi la mpira wamanja. Atsikana asapatsidwe kakona ka kuseri kwa zimbudzi, monga tionera kawirikawiri.

Koma mwana wanjala sathamanga. Kumene bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ntchito yake m'dziko muno mu 2002, lipereka ufa wa likuni phala, mudzi ukonze ndandanda ya ophika, ndipo abambo nawonso atenge gawo la nkhuni ndi madzi, kuti mtolo usagwere amayi omwewo masiku onse. Kumene bungweli silinafike, makolo alime munda wa sukulu wa chimanga ndi soya, nasankhe anthu awiri okhulupirika osunga makiyi a nkhokwe, aliyense ndi loko wake.

Pambuyo pake aitanidwe mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, makamaka kunyanja ndi kumadambo kumene likodzo lizunza ana. Ndipo pano ndinenetsa, chifukwa alipobe akulu amene amayesa kukodza magazi chizindikiro chakuti mnyamata wakula, pamene ali matenda ofooketsa thupi ndi kuwononga chikhodzodzo. Tsiku la mankhwala a likodzo a praziquantel lilengezedwe m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo mwana aliyense ayambe wadya asanamwe, kuti chizungulire ndi nseru zisaopse makolo. Pakhomo pa chimbudzi pakhale madzi ndi sopo. Sitinaiwale kuti mu Januwale 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Lilongwe ndi Blantyre.

Tsono masewera ayambe. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi mphindi 60 pa tsiku, ndipo zimenezi sizilira ndalama: mpira wachikulunga, fulaye ndi chipako zikwanira, ndipo nkhalamba zodziwa mganda, beni kapena chimtali ziitanidwe mwaulemu kudzaphunzitsa ng'oma ndi mapondedwe. Gulu la amayi a pasukulu lichonderere makolo kuti mtsikana amasulidwe ku mtondo ndi kuchitsime masana awiri pa sabata, likonzenso kachipinda kosinthiramo amene atha msinkhu. M'mwezi wa Okutobala mipikisano ndi sukulu zoyandikana ichitike dzuwa litapendeka, ndowa ya madzi a pamjigo ili pambali pa bwalo.