Nyenyezi Zolondolera Njira

Munthu wocokera ku Chipata kunka ku Chiparamba lero sasowa njira, pakuti pali mseu. Makolo athu analibe mseu, kampasi kapena nkoloko. Alenje ankacezera m'thengo potsata nyama, ndipo amuna ambiri a dziko lino ankayenda pansi masabata angapo kukafuna nchito ku Salisbury, mzinda umene tsopano uchedwa Harare. M'cigwa ca Zambezi dzuwa liwawa koopsa, motero ulendo unkayambika kusanace. Wosadziwa nyenyezi akataya njira mumdima ankangozungulira pamodzimodzi kufikira madzi atamthera m'cipanda.

Akulu anazicha maina nyenyezi, ndipo maina ena ali ndi phunziro m'kati mwace. Omasulira Buku Lopatulika, limene linasindikizidwa m'caka ca 1922, anawapeza mainawo pakamwa pa anthu, nawalemba m'buku la Yobu, mutu 9.

Tiyambe ndi Akamwiniatsatana. Izi ndi nyenyezi zitatu zondondozana, monga akamwini opita kudimba m'kanjira kamodzi. M'mwezi wa November zituluka anthu atatha kudya nsima ya madzulo, ndipo pofika April muziona zitapendekera kolowera. Ubwino wace ndi uwu: zituluka kum'mawa kwenikweni, nizilowa kumadzulo kwenikweni, caka ndi caka. Dzuwa silitero ai. M'June lituluka cakumpoto pang'ono, m'December cakumwera, cotero pa nkhani iyi akamwini aja aposa dzuwa kukhulupirika.

Dzina lina ndilo Kumpotosimpita. Tamverani dzinalo! Nyenyezi za kumwera zinena zokha kuti kumpoto sizipitako. Pakati pa nyenyezi za mbali imeneyo pali zinai zoumba mtanda, umene Angelezi auchula Southern Cross. Pa nyengo yokolola, m'May, mtandawo uimirira cilili madzulo. Nthawi zina ugona cammbali, koma tsinde lace liloza malo amodzi omwewo. Kuti mupeze kumwera, yesani ndi zala kutalika kwa mtandawo kuyambira kumutu kufikira kutsinde. Pitirizani mzere womwewo kanai ndi theka, ndipo pamene mwalekezapo tsitsani dzanja molunjika pansi. Uko ndiko kumwera. Mukayang'ana kumeneko, kum'mawa kuli kudzanja lanu lamanzere, kumpoto kuli kumbuyo kwanu. Koma cenjerani, pakuti pafupi pali mtanda wina wokulirapo ndi wosawala kwambiri umene unyenga anthu. Weniweniwo utsatidwa ndi nyenyezi ziwiri zowala zouloza.

Mtandawu suoneka madzulo pa nyengo yoyamba mvula, koma ndi pomwe Akamwiniatsatana atulukira. Wapaulendo sasiyidwa wopanda womtsogolera.

Nsangwe ndi kagulu ka tinyenyezi tothithikana. Wa maso abwino awerenga 6 kapena 7. Zikaoneka kum'mawa dzuwa litangolowa, mlimi adziwa kuti mvula yayandikira, nakonza mbeu.

Nthanda yokha musaidalire pofuna njira. Anyanja akale ankati Mwezi ali ndi akazi awiri: Puikani wa kumadzulo, amene amdyetsa bwino nanenepa, ndi Cekecani wa kum'mawa, amene ammana naonda. Ophunzira za kuthambo anapeza kuti awiriwa ndi mmodzi, dziko lozungulira dzuwa lochedwa Venus, ndipo malo ace asinthasintha. Komabe nthano ija njokoma, ndipo Nthanda ikatuluka m'bandakuca idzutsa aulendo monga tambala.

Nyenyezi iriyonse ituluka mofulumirako ndi mphindi 4 usiku uliwonse, ndiwo maola awiri pa mwezi. Nkhalamba sizinawerenge mphindi, koma zinadziwa kuti nyengo iriyonse iri ndi nyenyezi zace. Nzeruzi ana ankaziphunzira pabwalo, poota moto, mkulu akuloza ndi ndodo. Sukulu ilowa usana pamene nyenyezi sizioneka, ndipo buku ili silingathe kukugwirani dzanja ndi kulilozetsa kumwamba. M'tauni ya Chipata nyali zamagetsi zibisa nyenyezi zazing'ono. Inu a kumudzi muli ndi thambo lonse, ndi Mlalang'amba womwe. Nkhalamba zodziwa mainawa zirikutha, ndipo iriyonse ikamwalira osafunsidwa, ipita nao kumanda.

Nchito

1. Usiku wopanda mwezi pitani kwa agogo anu, khalani pansi mwaulemu, nimunene kuti, "Agogo, tandionetsaniko nyenyezi zimene munkayendera." Lembani maina onse amene adzachula, a Cicewa kapena a Cingoni, ngakhale osiyana ndi a m'buku muno.

2. Khomani cikhomo pabwalo, ndi cina kumene nyenyezi zakuuzani kuti ndiko kumwera. M'mawa mukauze aphunzitsi cimene ciri mbali imeneyo, kaya ndi phiri, mtengo kapena mudzi.