Phunziro: Kusankha Mfuti Yochepetsera Akalulu ndi Nkhandwe m'Mafamu a ku Australia

Mawu oyamba

Mlimi wa nkhosa wa ku Australia ali ndi adani awiri amene anthu anachita kuwabweretsa m'dzikolo kuchokera ku Ulaya. Woyamba ndi kalulu wokumba mauna, amene amadya msipu mpaka nthaka kutsala pambalambanda. Wachiwiri ndi nkhandwe yofiira, imene imagwira ana a nkhosa ongobadwa kumene. Phunziro lino likulongosola momwe alimi a kumeneko amasankhira mfuti yolimbanirana ndi nyama ziwirizi. Mfundo yake ndi iyi: mfuti imasankhidwa poyang'ana kukula kwa nyama, mtunda wowomberapo, ndi chimene chili kuseri kwa nyamayo, ndiponso imabwera pomaliza, njira zina zitagwira kale ntchito yake.

Gwero la vutoli

M'chaka cha 1859, Thomas Austin anamasula akalulu 24 pa famu yake ya Barwon Park m'chigawo cha Victoria kuti azisaka. Popeza kalulu amatenga bere kwa masiku pafupifupi 30 okha ndi kuswa kangapo pa chaka, mbewu yawo inafalikira mofulumira koposa. Pakati pa 1901 ndi 1907 boma la Western Australia linamanga mipanda ya waya, wina wotalika makilomita oposa 1,800, koma akalulu anadutsabe. Chimene chinawachepetsa kwambiri ndi matenda: myxomatosis m'chaka cha 1950, ndiponso RHDV imene inafalikira kuyambira 1995. Nkhandwe nazo zinamasulidwa ku Victoria kuti zizisakidwa, ndipo zinakhazikika m'zaka za m'ma 1870, zikutsata akalulu amene anali chakudya chawo.

Mbiri imeneyi ikuonetsa kuti nyama yoswana chotere singathe ndi zipolopolo zokha. Ku Australia ntchito imayamba ndi nyambo za poizoni zololedwa ndi boma, kenaka kugumula mauna ndi thalakitala kuti akalulu asowe pobisala. Mfuti imadza kudzatola otsala. Akalulu ndi nkhandwe amachepetsedwa pamodzi, pakuti nkhandwe ikasowa kalulu imatembenukira kwa ana a nkhosa, nkhuku ndi tinyama tam'tchire.

Mitundu itatu ya mfuti

Mtundu woyamba ndi laifolo yaing'ono yotchedwa rimfire, chifukwa chipolopolo chake chimayakira m'mphepete mwa tsinde lake. Yodziwika kwambiri ndi .22 LR. Mutu wa chipolopolo chake umalemera magalamu pafupifupi 2.6 ndipo umathamanga mamita pafupifupi 350 pa sekondi. Zipolopolo zake n'zotsika mtengo, phokoso lake n'lochepa, ndipo sikankha phewa. M'gulu lomweli muli .17 HMR, imene inatuluka m'chaka cha 2002. Iyi imafika patali pang'ono mosagwa msanga, koma chipolopolo chake n'chopepuka ndipo chimapatutsidwa ndi mphepo.

Mtundu wachiwiri ndi laifolo yotchedwa centrefire, imene chipolopolo chake chimayakira pakati pa tsinde ndipo chimanyamula onga wambiri. Zitsanzo zake ndi .222 Remington, .223 Remington ndi .22-250. Mutu wa chipolopolo cha .223 umalemera magalamu pafupifupi 3.6, koma umathamanga mamita pafupifupi 1,000 pa sekondi. Kaamba ka liwiro limeneli, mphamvu yake imaposa ya .22 LR kuwirikiza pafupifupi ka 10, ngakhale kuti kukula kwa mitu ya zipolopolo ziwirizi n'kofanana.

Mtundu wachitatu ndi chifefe, makamaka cha saizi 12. Chifefe chimamwaza machaka ambiri nthawi imodzi, choncho chimathandiza pa nyama yothamanga. Koma machakawo amabalalika ndi kufooka msanga, kotero kuti patali amangovulaza osapha.

Kukula kwa nyama ndi mtunda wake

Kalulu wamkulu amalemera makilogalamu 1.5 mpaka 2. Akakhala chete pakhomo pa una, pa mtunda wa mamita 50 kapena 60, .22 LR imamukwanira. Akadzidzimuka m'tchire pafupi, chifefe chokhala ndi machaka aang'ono a nambala 4 mpaka 6 ndicho choyenera, pa mtunda wa mamita pafupifupi 20. Kuwombera kalulu ndi .223 n'kutaya ndalama, ndipo kulira kwake kumathamangitsira akalulu ena onse kuuna.

Nkhandwe yofiira imalemera makilogalamu pafupifupi 5 mpaka 7, ndi yochenjera, ndipo kawirikawiri imaima patali mamita oposa 100. Pa chifukwa chimenechi, malangizo a ku Australia amasankha centrefire yokhala ndi galasi loonera patali, monga .223 kapena .22-250. Rimfire salimbikitsa pa nkhandwe, pakuti nyama yolasidwa ndi chipolopolo chofooka imathawa ndi bala n'kukafera kutali patapita masiku. Yopulumuka imaphunzira kuthawa kuwala kwa nyali, ndipo siyandikirikanso. Chifefe chokhala ndi machaka akuluakulu, monga BB, chimapha nkhandwe pafupi pokha.

Motero palibe mfuti imodzi yoyenera ntchito zonse ziwiri. Mlimi amene angathe kugula imodzi yokha ayenera kuyamba wadzifunsa kuti nyama imene ikumuwonongera chuma kwambiri ndi iti. Ngati akutaya ana a nkhosa, agule centrefire, ndipo akalulu athane nawo pogumula mauna. Ngati akutaya msipu ndi mbande za mitengo, .22 LR ndi yokwanira.

Chimene chili kuseri kwa nyama

Chipolopolo chophonya sichigwera pamene maso a wowombera athera. Cha .22 LR chingathe kuuluka mtunda woposa kilomita 1.5, ndipo cha .223 chimapitirira makilomita 3. Cha .22 LR chili ndi vuto linanso: chikagunda mwala, nthaka youma kapena madzi, chimanjanja n'kulowera kwina. Tsono pa famu yaing'ono yoyandikana ndi misewu ndi nyumba za anthu, mfuti yamphamvu ingakhale yosayenera ngakhale nkhandwe zitachuluka bwanji. Pamenepo mlimi amagwiritsa ntchito misampha ya khola, mipanda yabwino, kapena agalu olondera nkhosa monga Maremma.

Wowombera ayenera kuona nthaka yofewa yokwera kuseri kwa nyama asanakhudze chowombera. Nyama yoima pamwamba pa chitunda, kuseri kwake kuli thambo lokha, imasiyidwa. Usiku, maso onyezimira m'kuwala kwa nyali si umboni wokwanira, pakuti mwana wa ng'ombe, nkhosa ndi galu wa mnansi nawonso maso awo amanyezimira. Thupi lonse la nyama lioneke. Malo olasa ndi mutu kapena chifuwa, kuti ife pompo, ndipo yovulala itsatidwe ndi kutsirizidwa msanga asanayambe kusaka ina.

Malamulo

Mfuti yoyenera ndi imenenso lamulo likulola. Anthu 35 ataphedwa ku Port Arthur m'chigawo cha Tasmania mu Epulo 1996, maboma onse a Australia anagwirizana mfundo zokhwima zotchedwa National Firearms Agreement. Pangano limenelo linaika rimfire ndi zifefe wamba m'gulu A, ndipo centrefire wamba m'gulu B. Linalamula kuti wofuna laisensi apereke chifukwa chenicheni, monga kuteteza famu, adikire masiku 28, ndiponso asunge mfuti m'kabati yokhoma, zipolopolo padera. Chigawo chilichonse chimalemba malamulo akechake ndi kuwasintha nthawi ndi nthawi, choncho mlimi amafunsa apolisi a chigawo chake asanagule.

Zimene alangizi a kuno angatolepo

Alangizi a m'maiko a kumwera ndi pakati pa Africa asatenge malangizo a Australia osasefa. Kumeneko kalulu ndi nkhandwe ndi nyama zobwera. Kuno akalulu am'tchire ndi nkhandwe ndi eni nthaka, ndipo zili pansi pa malamulo oteteza nyama zakutchire. Ku Karoo, m'dziko la South Africa, alimi a nkhosa akhala akulimbana ndi nkhandwe ya msana wakuda kwa zaka zoposa 100, koma siinathe. M'dera lomwelo muli kalulu wa m'mbali mwa mitsinje, amene ali pangozi yaikulu yotheratu. Kumupha molakwitsa ndi kutaya chinthu chosabwezereka. Nkhandwe zimathandizanso podya makoswe ndi mbewa zoononga mbewu.

Choncho mlimi akadandaula za chilombo, mlangizi ayambe watsimikiza kuti ndi nyama yanji, poona mapazi ndi mabala a chiweto chophedwa. Awerenge zotayika, alimbikitse makola olimba ndi ubusa wabwino, ndipo nkhani ya mfuti aipereke kwa apolisi ndi akuluakulu oona za nyama zakutchire. Akumbukirenso kuti laisensi ya dziko lina sigwira ntchito kutsidya kwa malire. Ngati nkhandwe ikuoneka yozolowera anthu kapena ikuchita dovu, nkhaniyo ipite msanga kwa madokotala a ziweto, pakuti chingakhale chiwewe.

Mafunso okambirana

1. N'chifukwa chiyani .22 LR imayenera kalulu koma osati nkhandwe?
2. Mlimi ali ndi famu ya mahekitala 20 yozunguliridwa ndi nyumba za anthu, ndipo nkhandwe zikumugwirira ana a nkhosa. Mlangizi amuuze zotani?
3. Kodi kugumula mauna kumaposa bwanji kuwombera akalulu?
4. M'dziko limene mlangizi akugwira ntchito, ndi ofesi iti imene imapereka chilolezo chophera nyama yoononga mbewu kapena ziweto?