Phunziro: Za Chizungulire Chosatha

Pakati pathu alipo ena amene aleka kupita kumunda ndi kumapemphero chifukwa cha chizungulire. Anansi ao ati ndi ulesi, ena ati awalodza. Tiyeni tiphunzire choonadi chake.

1. Chiyambi chake. Kuti munthu aime chilili, bongo umamvera mboni zitatu: maso, mapazi, ndi tinjira ta madzi tili m'kati mwa khutu. Nthenda ya m'khutu, kugwa, kapena mantha akulu zingathe kusokoneza mboni izi. Nthendayo itapola, bongo wa ena ukhalabe tcheru ngati mlonda wosadziwa kuti nkhondo yatha, nutsamira pa maso okha.

2. Zizindikiro zake. M'chaka cha 2017 madokotala a bungwe la Bárány anagwirizana za zizindikiro izi: munthu amva kudzandira masiku ambiri kwa miyezi 3 kapena kuposa; chikula pamene aimirira, pamene ayenda, ndi pamene maso aona zinthu zambiri zoyendayenda, monga pa msika wa Songani tsiku la anthu ochuluka.

3. Choyamba kuchita. Pitani kuchipatala, ku Domasi kapena ku Zomba, akakuyeseni, pakuti malungo, kuchepa kwa mwazi, shuga ndi kuthamanga kwa mwazi zibweretsanso chizungulire. Koma pakamwa pakapotoka, mkono ukalefuka, kapena mau akakanika, thamangani naye wodwalayo nthawi yomweyo.

4. Machiritso ake. Kugona m'nyumba tsiku lonse kutalikitsa nthenda iyi, chifukwa bongo uphunzira mwa kuzolowera. Yang'anitsitsani chala chanu, nimutembenuze mutu uku ndi uku pang'onopang'ono, kangapo pa tsiku. Yendani pabwalo lero, mawa kufikira kumjigo, ndipo pambuyo pake kumsika pamodzi ndi mbale. Chizungulire chikabwera pang'ono musaope, pumulani, nimuyambenso. Kuulula nkhawa kwa wodziwa uphungu kuthandiza, ndipo alipo mankhwala amene dokotala yekha ndiye apereka. Kuchira kutenga masabata kapena miyezi.

Tsono inu akulu a mpingo ndi amai a Mvano, musalole kuti aneneze nkhalamba za ufiti pa nthenda yotere, kapena kuti banja lithe mbuzi zake kwa oombeza. Muyendereni wodwalayo, pempherani naye, ndipo mumgwire dzanja ayende nanu kufikira pakhomo pa kachisi.