Sitima Zoyenda Pansi pa Mzinda wa London

Pansi pa misewu ya London pali ngalande zazitali momwe mumadutsa sitima zonyamula anthu. Eni mzinda amazitcha Tube. Njanji yoyamba inatsegulidwa mu 1863, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon, ndipo sitima zake zinali zamalasha, zofuka utsi. Lero zonse zimayendera magetsi. Njanji zilipo 11, masiteshoni 272.

Mlendo asaope kuchuluka kumeneku. Njanji iliyonse ili ndi dzina ndi mtundu wake. Central ndi yofiira, District ndi yobiriwira, Circle yachikasu, Northern yakuda, Piccadilly yabuluu woderapo. Mtundu womwe uli pamapu ndi womwewo uli pazikwangwani za pasiteshoni. Choncho ngakhale munthu amene amawerenga modukiza akhoza kulondola mtundu n'kukafika. Mapuwa anajambula ndi Harry Beck, ndipo anthu anayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1933. Koma samalani, sasonyeza kutalika kwenikweni kwa ulendo. Kuchoka ku Leicester Square kupita ku Covent Garden ndi pafupi kwambiri, moti woyenda ndi miyendo amayamba kufika ndiye.

Nanga amalipira bwanji? M'sitimazi mulibe kondakitala. Mumagula khadi lotchedwa Oyster pamakina a pasiteshoni, n'kuikamo ndalama ngati mmene timaikira mayunitsi mufoni. Khadi lakubanki losafuna kulowetsa m'makina nalonso limagwira ntchito. Pageti pali kachizindikiro kozungulira, kachikasu. Mukagunditsapo khadi, kamalira, geti n'kutseguka. Mukafika kumene mukupita, gunditsaninso potuluka.

Kugunditsa kachiwiriku ndiye mutu wa nkhani. Mzinda anaugawa m'zigawo zozungulira. Chigawo 1 ndi pakati pa tauni, ndipo manambala amakwera mukamapita kunja. Makina amaona pomwe mwalowera ndi pomwe mwatulukira, kenaka amadula ndalama zoyenera. Mukapanda kugunditsa potuluka, makinawo sadziwa kumene mwatsikira, ndiye amakudulani mtengo wapamwamba. Gwiritsani ntchito khadi limodzi tsiku lonse, chifukwa ndalama zikafika pamlingo wina patsiku, maulendo otsala simulipiranso. M'basi ndi zosiyana: mumagunditsa kamodzi kokha pokwera, ndipo ndalama zapamanja salandira.

Mtengo wa sitima umakwera m'masiku antchito kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa, ndiponso 4 koloko mpaka 7 koloko madzulo. Nthawi zimenezi anthu amapanikizana zedi. Wachikwama chachikulu ndi bwino adikire kaye.

Tiyeseze ulendo umodzi. Mwatsika ndege ku Heathrow ndipo mukufuna kukaona Westminster. Kwerani yabuluu ija. Mukafika pa Hammersmith tsikani. Simukweranso masitepe ayi, mungotembenukira mbali ina ya pulatifomu yomweyo n'kudikira yobiriwira yopita kum'mawa. Kutsogolo kwa sitima kumalembedwa dzina la siteshoni yomaliza, osati ya inuyo, ndiye funsani ogwira ntchito ngati mwakayika. Mukatuluka pa Westminster, nsanja ya wotchi ya Big Ben ili pamaso panu, mtsinje wa Thames uli chapafupi. Mukayenda pang'ono mupeza tchalitchi cha Westminster Abbey. M'menemo anaikamo David Livingstone mu 1874, ngakhale mtima wake unakwiriridwa kwa Chitambo ku Zambia komwe anamwalira. Oona malo amalipira pakhomo, ndipo si ndalama zochepa. Opita kukapemphera salipira. Ngati thumba lapepuka, pitani ku British Museum kapena ku National Gallery, komwe kulowa ndi kwaulere.

Kuli miyambo yake pansipo. Pamasitepe oyenda okha imani kumanja, kumanzere n'kwa othamanga, ndipo mukatseka njira akuyang'anani moipidwa. Sitima ikaima, siyani otsika atuluke kaye. Yang'anani pansi pokwera, chifukwa pamasiteshoni ena pali mpata pakati pa sitima ndi pulatifomu. M'kati anthu amangokhala duu, wina ali pafoni, wina akuwerenga. Sapatsana moni, koma si mwano. Mukafunsa njira ambiri amayankha bwinobwino.

Mafunso: N'chifukwa chiyani khadi ligunditsidwe kawiri? Wochoka ku Heathrow kupita ku Westminster akwere njanji za mitundu iti?