Umuna wa Nkhunzi pa Ulendo: Kakonzedwe Kake Kufikira M'khola ku Chongwe

Mlimi wa ng'ombe za mkaka ku Palabana, ku Kanakantapa kapena cha ku Chalimbana sakakamizikanso kuweta nkhunzi kuti apeze thole la mtundu wabwino. Umuna wa Jersey kapena Friesian umasungidwa woundana m'timachubu ta 0.25 kapena 0.5 ml, tomizidwa mu thanki ya nitrogen yamadzi yozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Wina umachokera ku likulu la boma la ntchito yobereketsa ng'ombe ndi umuna wotere ku Mazabuka, kudutsa ku Kafue ndi mu Lusaka, kenako kulowa mseu wa Great East. Wina ndi wa kunja, umatera pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, lomwe lili m'boma lomwe lino la Chongwe. Ng'ombe ikapanda kutenga bere, ambiri amathamangira kunena kuti umuna unali woipa. Ine ndimaona kuti nthawi zambiri umachoka uli bwinobwino, koma umaonongeka pa njira, kapena umafika ng'ombe itadutsa kale nthawi yake. Zonse ziwirizi mlimi angathe kuzipewa.

Yambani ndi ng'ombe yolandira, musanaimbe foni kwa aliyense. Ikhale yoti yatha masiku 45 mpaka 60 chiberekereni, yosatuluka zonunkha kumaliseche, yosaonetsa nthiti zonse. Ng'ombe yowonda ndi chilimwe cha Okutobala kawirikawiri sifuna n'komwe nkhunzi, ndipo ikafuna siisunga bere. Ipite ku dibi monga mwa nthawi zonse, chifukwa matenda a nkhupakupa amapha mayi ndi mwana yemwe. Ngati ndi msoti wa thupi laling'ono, sankhani Jersey. Thole la Friesian limabadwa lalikulu, ndipo lingathe kukakamira pobadwa usiku, dokotala wa ziweto ali kutali.

Kenako gwirizanani ndi wobereketsa, munthu woika umunawo mwa ng'ombe, kudakali milungu. Ofesi ya za ziweto pa boma la Chongwe kapena kopaletivu yomwe mumaperekako mkaka idzakuuzani amene ali ndi thanki m'dera lanu. Mufunseni mosapita m'mbali: ali ndi umuna wa mitundu iti, nitrogen anathira liti, amayenda pa chiyani, Lamulungu amagwira ntchito kapena ayi, mtengo ukuphatikiza mafuta a njinga yamoto kapena ayi. Ngati umuna ndi wa kunja, pakhale chilolezo cha nthambi ya boma yoona za ziweto. Mufotokozereni njira ya kumudzi kwanu, ndipo mukambiranenso yodzera mvula ikagwa, popeza kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi yopatuka pa Great East imatha kumchedwetsa maola awiri pa mtunda umene m'chilimwe amauyenda mphindi zochepa. Sungani nambala ya wobereketsa wachiwiri.

Ntchito yaikulu ya mlimi ndi kuyang'ana. Ng'ombe imafuna nkhunzi pafupifupi masiku 21 aliwonse, ina 18, ina mpaka 24. Imalira, imasakhazikika, mkaka umatsika, kumaliseche kumatupa ndi kutuluka chamadzi choyera chonanda. Koma chizindikiro chodalirika ndi chimodzi: kuima chilili inzake ikaikwera. Imene ikukwera anzake koma yokha n'kumathawa ikakweredwa, nthawi yake sinakwane. Kuima kumeneku kawirikawiri sikupitirira maola 18, ndipo ng'ombe zathu za makolo ndi zosakanizika zimafupikitsa, zambiri zimaonetsa usiku. Choncho imani pa khola mphindi 20 m'mamawa musanakame, ndi zina 20 madzulo. Uzaninso mwana kapena wantchito woweta kuti akaona ku busa akuuzeni tsiku lomwelo, chifukwa iye ndiye amakhala nazo tsiku lonse.

Mukaiona itaima m'mawa, ibereketsedwe madzulo a tsiku lomwelo. Mukaiona madzulo, ibereketsedwe m'mawa mwake. Dzira limatuluka patapita maola 10 mpaka 14 ng'ombe itasiya kuima, ndipo umuna uyenera kulidikira uli kale m'kati. Imbani foni nthawi yomwe mwaona, mutchule ola lake, kuti wobereketsa akonze ulendo. Ngati mwazindikira mochedwa, kapena mwaona timagazi pa mchira, nthawi yapita. Lembani tsikulo, muwerenge masiku 18 kutsogolo, musataye kachubu pachabe.

Pa ulendo, thanki iyende choimirira, yomangidwa bwino, pansi pake pali tayala lakale kapena thumba lopinda kuti isagundike m'maenje. Isatsekeredwe ndi anthu m'galimoto yotseka mawindo, chifukwa mpweya wa nitrogen ulibe fungo ndipo umathamangitsa mpweya umene timapuma. Chivundikiro chake chimapangidwa chosathina dala, osachimata. Thanki ikayamba kuchita chisanu kunja, yaonongeka, ndipo umuna usamutsidwe msanga. Pali chizolowezi chimodzi chimene ndimadana nacho kwambiri: kusungunula kachubu ku tauni n'kukanyamula m'thumba la malaya kapena m'madzi oundana mpaka kumudzi. Mukaona zotero kanani. Thanki ifike pa khola.

Pamene mukudikira, lowetsani ng'ombe mu mpanda wopanikiza uli pa mthunzi, popanda kuithamangitsa kapena kuikwapula. Konzani madzi oyera, sopo, ndi madzi ofunda mu fulasiki. Wobereketsa akafika, imani pafupi muone. Potulutsa kachubu asakweze chotengera kupitirira khosi la thanki, ndipo asachedwe nacho m'mwamba kuposa masekondi 10, chifukwa umuna wa m'timachubu totsala umafa pang'onopang'ono nthawi iliyonse tikafundidwa. Madzi osungunulira akhale pa madigiri 35 mpaka 37, oyezedwa ndi choyezera kutentha, osati ndi chala, ndipo kachubu kakhalemo masekondi 30 mpaka 45. Akapukute bwino, popeza dontho la madzi limapha umuna. Kuchokera apo ali ndi mphindi zosapitirira 15 kuti amalize. Ngati ng'ombe zili ziwiri, asungunule kamodzikamodzi.

Asanachoke, pemphani kachubu kopanda kanthuko. Pamenepo palembedwa dzina la nkhunzi, mtundu wake ndi nambala yake. Lembani zimenezi m'kope pamodzi ndi tsiku ndi dzina la ng'ombe, kuti mtsogolo mwana wamkazi asadzapatsidwe umuna wa bambo wake.

Mafamu ena akuluakulu amapita patsogolo, n'kusamutsa mluza weniweni wa masiku 7 kuchoka mwa ng'ombe ya mtundu wapamwamba kuuika mwa ina yoti iunyamule. Apo yolandirayo iyenera kukhala itatha masiku 7 chifunireni nkhunzi, kuti chiberekero chake chifanane msinkhu ndi mluzawo.   Mlimi wa ng'ombe ziwiri ayenera kusamala nthawi mofananamo.

Kuyambira tsiku la 18 mpaka la 24 mutabereketsa, yang'anani ng'ombeyo m'mawa ndi madzulo. Ikaimanso, itanani wobereketsa. Ikabwereza katatu, musaonjezere ndalama pa timachubu, itanani dokotala wa ziweto aiyeze chiberekero. Ikakhala chete, ayipime bere pakatha miyezi iwiri, chifukwa ng'ombe ina imangokhala chete ilibe kanthu. Bere likatsimikizika, werengani masiku pafupifupi 283 kuchokera tsiku munalemba m'kope, ndipo musiye kuikama kutatsala masiku 60 kuti ibereke.