Alitaneta ikafa: kuyeza kaye, kugula pambuyo

Galimoto zambiri zonyamula nsomba kuchokera ku Nkope, Msaka ndi madoko ena a kumwera kwa nyanja zimanyamuka usiku kapena m'bandakucha, kuti zikafike ku Limbe, Zomba kapena Lilongwe ogula asanabalalike. Ulendo wa usiku umadalira nyali, ndipo nyalizo zimadalira kachipangizo kamene kamakhala pambali pa injini, kotchedwa alitaneta. Ikafa, galimoto imayendera magetsi otsala m'batire basi. Batire likatha nyali zimathima, ndipo galimoto zambiri injini imathimanso. Chambo chachiwisi chikagona pamsewu pakati pa Mangochi ndi Liwonde, ayezi n'kusungunuka, mpamba wonse wapita. N'chifukwa chake wamalonda amene ali ndi pikapu, minibasi, Probox kapena kalole ayenera kuidziwa bwino alitaneta asanapereke ndalama kwa wogulitsa masipeya.

Ntchito yake

Batire ntchito yake yaikulu ndi kuliza injini. Injini ikalira, lamba amazunguza alitaneta, ndipo iyo imapanga magetsi oyatsa nyali, mawaipa ndi wailesi, n'kumabwezera m'batire magetsi amene anatuluka poliza. M'kati mwake muli mabulashi awiri amene amaperesekera pang'onopang'ono, legyuleta imene imaletsa magetsi kupyola muyeso, madayodi, ndi mabeling'i awiri. Chilichonse mwa izi chimatha kufa pachokha zinazo zili bwinobwino.

Zizindikiro zoti yayamba kufooka

Kanyali kofiira ka chithunzi cha batire kamayenera kuyaka munthu akatembenuza kiyi, n'kuthima injini ikangolira. Kakamayakabe galimoto ikuyenda, ndiye kuti batire silikutchajidwa. Zizindikiro zina ndi nyali zakutsogolo zimene zimazilala injini ikamalira pang'onopang'ono n'kuwala dalaivala akaponda mafuta, galimoto yofuna kukankha m'mawa uliwonse, kulira kwa tswii-tswii kwa lamba, ndi phokoso lokhulula lochokera m'mabeling'i. Batire likamatentha, kutha madzi msanga kapena kununkha ngati dzira lowola, kapena mababu akamapsa pafupipafupi, ndiye kuti legyuleta ikutulutsa magetsi ochuluka.

Kuyeza kaye

Ndalama zambiri zimatayika chifukwa chogula chinthu chimene sichinafe. Ena amagula batire latsopano, pakapita masiku ochepa laphwanso, chifukwa vuto linali alitaneta. Ena amagula alitaneta pamene vuto linali lamba wokhwefuka, fyuzi yopsa kapena mateminolo a batire amene achita ufa woyera.

Makaniko wa zamagetsi amathetsa kukayikaku ndi malitimita m'mphindi zochepa, ndipo mwini galimoto ayenera kuimirira pomwepo n'kuona yekha manambala. Injini isanalire, batire labwino limaonetsa mavolti pafupifupi 12.6. Injini ikalira, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.8 ndi 14.5, ndipo isatsike kwambiri nyali zonse zikayatsidwa. Ikakhalabe pa 12 n'kumatsika, alitaneta sikutchaja. Ikapyola 15, ikuwotcha batire. Malole ambiri a mabatire awiri, monga Canter ndi Dyna zina, amayendera mavolti 24, ndipo potchaja amaonetsa pafupifupi 28.

Pali kayezedwe kena kamene kanazolowereka m'magalaja ambiri: kuchotsa teminolo ya batire injini ikulira, ati kuti aone ngati ithime. Mwini galimoto akane zimenezi. Batire likachotsedwa choncho magetsi amalumpha mwadzidzidzi, ndipo angathe kuwotcha madayodi, legyuleta, ngakhalenso kompyuta ya galimoto monga Probox ndi Sienta. Kompyutayo mtengo wake ndi wowawa kuposa wa malitimita.

Kukonza kapena kugula ina

Ngati chafa ndi mabulashi, legyuleta kapena mabeling'i, nthawi zambiri kukonza kumatsika mtengo kusiyana ndi kugula, ndipo alitaneta imene inabwera ndi galimoto, monga ya Denso, Hitachi kapena Mitsubishi, imakhala yolimba kuposa zatsopano zambiri zopanda dzina. Koma ngati mawaya a m'kati apsa n'kuda, akununkha chowauka, kapena thupi lake lang'aluka, ndi bwino kugula ina.

Pamsika pamapezeka mitundu itatu: zatsopano, zakale zochotsedwa m'galimoto zochokera kunja, ndi zokonzedwanso. Yokonzedwa bwino ilibe vuto. Choopsa ndi imene yangotsukidwa n'kupopedwa penti yasiliva kuti ioneke yatsopano. Penti ikapezeka pa mawaya ndi pa mabawuti omwe, munthu adziwe kuti m'katimo simunalowe dzanja.

Zinthu zisanu zoyenera kufanana

Choyamba ndi mavolti. Ya 12 siilowa m'malo mwa ya 24, ngakhale zitaoneka ngati mapasa.

Chachiwiri ndi maampu, amene amalembedwa pa kapepala ka pathupi pake, monga 12V 70A kapena 12V 80A. Yatsopano ikhale ndi maampu ofanana ndi yakale kapena oposerapo pang'ono, osati ochepera. Amene anawonjezera nyali zazikulu kapena zokuzira mawu afunika ya maampu ambiri, koma waya wamkulu wopita ku batire ukhalenso wonenepa mokwanira, chifukwa waya woonda umatentha.

Chachitatu ndi makutu omangira mabawuti. Akasiyana ngakhale pang'ono, pule siiyang'anana ndi zinzake, ndipo lamba amadyeka mbali imodzi mpaka kuduka. Kusema khutu ndi galainda kapena kudzaza mawashala kuti ikwane ndi kugula mavuto.

Chachinayi ndi pule. Ina ndi ya lamba wamtundu wa V, ina ndi ya lamba wamizeremizere. Mizereyo iwerengedwe ndi chala.

Chachisanu ndi pulagi ya kumbuyo. Ina ili ndi mapini awiri, ina atatu, ina anayi, ndipo pini iliyonse ili ndi ntchito yake. Pulagi ikasiyana, makaniko amayamba kudula mawaya n'kumalumikiza mongoyerekeza, ndipo mapeto ake ndi alitaneta yosatchaja kapena batire lophwa usiku galimoto ili chiimire.

Eni Hiace ndi Hilux za dizilo za injini ya 2L, 3L kapena 5L ali ndi chinanso choti ayang'ane. Alitaneta ya injini zimenezi ili ndi kapampu kamene kamakoka mpweya kuti mabuleki afewe, ndipo kapampuko kamalandira oilo kudzera m'mapaipi. Pampu ikakhala yofooka kapena paipi ikamangidwa molakwika, buleki imauma ngati mwala. Amene anatsikapo kapena kukwera Khwekhwerere, pakati pa Golomoti ndi Dedza, atasenza madengu a usipa, akudziwa kuti kumeneko buleki youma ndi imfa.

Pogula

Njira yachidule yopewera kulakwitsa ndi kunyamula alitaneta yakale n'kukaiika pambali pa yogulayo. Ngati wamalonda akutuma mnzake wopita ku Limbe, Ndirande kapena Lilongwe, atumize pa WhatsApp zithunzi zitatu: cha kapepala ka manambala, cha pulagi ndi cha pule, pamodzi ndi dzina la injini. Za Toyota zambiri nambala yake imayamba ndi 27060, ndipo manambala otsatirawo ndi amene amasiyanitsa. Kungonena kuti "ya Hiace" sikukwanira, chifukwa Hiace zili ndi injini zosiyanasiyana. Safunsa anadya phula.

Pamalo ogulira, pule izunguzidwe ndi dzanja: iyende mofewa, mopanda phokoso, ndipo isagwedere. Mtengo ufunsidwe m'mashopu atatu, kuyambira a pa boma ku Mangochi, chifukwa kutsika mtengo kwa ku Blantyre kumatha kumezedwa ndi thiransipoti, makamaka chinthucho chikafunika kubweza. Wogula agwirizane ndi wogulitsa masiku oyesera, ndipo masikuwo alembedwe pa lisiti pamodzi ndi nambala ya alitaneta. Wokana kulemba lisiti wadziulula yekha. Lisitiyo ndi umboni ngakhale nkhani itafika ku bungwe loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda la Competition and Fair Trading Commission. Powerengera ndalama zonse, munthu aphatikize lamba watsopano ndi malipiro a makaniko, ndipo yakale asaisiye pagalaja ulele: ikhoza kukonzedwa n'kukhala yapadera, kapena kuchotsera pa mtengo.

Pomanga

Injini izime ndipo izizire. Choyamba kuchotsa ndi teminolo ya negativi ya batire, chifukwa waya wamkulu wa kumbuyo kwa alitaneta umakhala ndi moto ngakhale kiyi ali m'thumba, ndipo sipanala ikakhudza chitsulo pamathetheka moto woopsa. Asanamasule kanthu, makaniko ajambule ndi foni m'mene lamba ndi mawaya adutsira. Kenako achotse pulagi ndi waya wamkulu, akhwefule bawuti yokungira lamba, achotse lamba, n'kumalizira bawuti yapansi.

Pomanga yatsopano, malo amene ikhudzana ndi injini apalidwe dzimbiri, pakuti magetsi amabwerera kudzera m'thupi lake. Mabawuti alowe kaye momasuka, lamba aikidwe, kenako akungidwe. Pa galimoto zokunga ndi bawuti, lamba akadinidwa ndi chala chachikulu pakati pa mapule awiri alowe pafupifupi sentimita imodzi. Wokhwefuka amaterereka ndipo batire silidzaza. Wokungitsa amapha mabeling'i. Teminolo ya negativi ibwezedwe pomaliza.

Batire likhale lotchajidwa kale asanalize injini. Alitaneta yatsopano ikapatsidwa batire lophweratu imagwira ntchito mopyola muyeso n'kutentha. Injini ikalira, kanyali kofiira kathime, ndipo malitimita ibwerenso pa batire nyali zonse zili zoyaka. Pa dizilo ya pampu, ayang'ane ngati oilo sakudontha, ndipo buleki iyesedwe galimoto isanasenze katundu. Makaniko alipidwe manambala ataoneka. Patatha masiku angapo lamba watsopano amatamuka, choncho aonedwenso.

Kuti ikhalitse

Kutentha kwa kunyanja, mchenga ndi madzi ndi adani a alitaneta. Otsuka galimoto asamathire madzi pa iyo, makamaka injini ili yotentha. Oilo wodontha kuchokera pamwamba pa injini amaononga mabulashi, choncho podonthapo pakonzedwe msanga. Kugwiritsa galimoto ntchito yotchaja mabatire a nyali za asodzi tsiku ndi tsiku kumaifupikitsa moyo, ndipo polumikiza mabatire kuti galimoto ya mnzake ilire, kusemphanitsa pozitivi ndi negativi kumawotcha madayodi nthawi yomweyo.

Nthawi yabwino yoyezetsa ndi pamene katundu wachepa, monga boma likatseka usodzi wa makoka ena kuyambira mu Novembala kuti chambo chiswane. Lamba wapadera, mafyuzi ndi masipanala a 10, 12 ndi 14 azikhala m'galimoto nthawi zonse. Ndipo kanyali kofiira kakayaka pa ulendo, dalaivala aime aone kaye lamba, chifukwa pa injini zambiri lamba yemweyo ndiye amazunguzanso pampu ya madzi. Ngati lamba ali bwino, azimitse wailesi ndi zina zonse zosafunika, asathimitse injini, alunjike pa galaja yapafupi.